Nkhoswe Ikadali pa Shifiti

Dzina la amayi anga ndinalipeza pa kompyuta, m'mawa wina wa mvula ku Leeds, litapanikizika pakati pa dandaulo la mayi wina amene mwana wake anasiya kupita ku Misa ndi chithunzi cha keke ya ubatizo.

Gululo linkatchedwa Banja Loyera. Analiyambitsa anali Felismina, mnzanga wa ku pulayimale amene pa nthawiyo anali namwino ku Johannesburg, kuti ife ana a Hwange, tauni ya migodi ya malasha, omwazikana m'mayiko a eni tizipempherera limodzi ndi kulangizana za mabanja. Ukalemba uthenga umodzi, unkafika kwa onse. Ankalemba za ana osamva, za amuna otsala kumudzi mkazi ali kunja, za korona wa mwezi wa Meyi. Ine sindinalowemo chifukwa cha chikhulupiriro. Changa chinazizira kalekale, ngati tiyi woiwalika pawindo. Ndinkangofuna kuona mayina a madera akwathu, Madumabisa, Lwendulu, Baobab, atalembedwa ndi anthu odziwa kuwatchula. Ndinkawerenga osayankha, kupatula wina akalakwitsa chaka kapena dzina la msewu.

Okalamba otsala ku Hwange analibe makompyuta, koma anali ndi Eldah. Iye ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Baobab. Lamlungu Misa ikatha ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, amayi n'kumamuuza zoti apemphereredwe. Lolemba, magetsi akakhalapo, ankazilemba pa gulu. Mayankho ankawasindikiza n'kukawawerengera eni ake Lamlungu lotsatira.

Tsikulo Eldah analemba kuti: "Agogo Emeliya a ku Madumabisa akupempha muwapempherere kuti alandire Ukaristia asanatsikire kumanda, kapena amuna awo asanatsikire, poti chifuwa cha madala chakula."

Ndinkalankhula ndi amayi pa foni mwezi ndi mwezi. Ankandiuza za kutentha, za mango, za amene wamwalira. Izi sanandiuzepo. Anakaziuza khamu la anthu amene ambiri a iwo sanawaonepo.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Makolo anga sanadalitse ukwati wawo m'tchalitchi, ndipo mpingo salola anthu otero kulandira. Ndikakumbukira Misa za ubwana wanga, sindiona guwa, sindimva nyimbo. Ndimaona mawondo a amayi. Nthawi yolandira ikakwana, anthu a pa benchi yathu ankaimirira, amayi n'kupendeketsa mawondo kumanzere kuti anzawo adutse. Pobwerera, n'kuwapendeketsa kumanja. Nsalu za paguwa ankachapa ndi iwo. Pamaliro aliwonse ankayambitsa korona ndi iwo. Koma yunifolomu ya amayi a Anna Woyera sanaivalepo, ndipo chilowereni m'nyumba ya bambo, mkate umene nsalu zawozo zinkayalidwira sunafikenso pa lilime lawo.

Sikuti bambo anga, a Fideli, ankadana ndi tchalitchi. Anachokera ku Angonia wapansi, iwo ndi mkulu wawo Simoni, kudzafuna ntchito ya mumgodi. Wachibale wina analibe kuno. Ukwati unalengezedwa kuti udzachitika kumapeto kwa Juni 1972, ndipo nkhoswe ya kuchimuna anali a Simoni. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo mgodi wa Namba Thu unaphulika ku Kamandama. Amuna oposa mazana anayi anafa, ambiri osatulutsidwa, ndipo pakamwa pa mgodiwo anatsekapo ndi simenti. A Simoni anali m'kati. Ine ndinali kamwana. Chimene ndimakumbuka ndi phokoso la amayi a komponi yonse akuthamangira mbali imodzi. Diresi laukwati linalowa m'bokosi. Kuyambira pamenepo, wofunsa aliyense, kaya wansembe kaya katekisiti, ankalandira yankho limodzi: "Nkhoswe yanga ikadali pa shifiti."

Gulu la Banja Loyera linaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Anthu otalikirana ndi kwawo amakonda vuto loti angalithetse ali pampando. Felismina anafunsa uku ndi uku mpaka anapeza munthu wina ku Luton, Stanford Phiri, mdzukulu wa mng'ono wa agogo anga, wa mudzi umodzi ndi bambo, kufupi ndi Domwe. Anali Mkatolika wokwatira m'tchalitchi, wa ana atatu, ndipo anavomera kukhala nkhoswe. Anati pa tsikulo adzaimba foni, wina n'kuigwira pafupi ndi guwa. Onse anati Mulungu wayankha. Ine ndinasindikiza chithunzi chake, n'kugula tikiti.

Ndinachoka ku Hwange ndili mtsikana, ndinabwerera imvi zitayamba. Basi ya ku Bulawayo inanditsitsa m'kutentha komwe kuja, kumene kumakugwira pakhosi ngati munthu wokudziwa. Fumbi la malasha linali likadali pa masamba, pa mawindo, m'makwinya a anthu. Zina zonse zinafupika. Holo imene tinkaoneramo kanema Loweruka inali yotseka, mbuzi zitagona pakhonde. Bwalo limene bambo ankandinyamula paphewa kuti ndione mpira linamera minga. Kwa zaka zambiri ndinkauza Angelezi kuti ndinakulira m'tauni yoyaka magetsi usiku wonse pakati pa tchire, ngati sitima ya pamadzi. Sindinawanamize. Koma tauniyo inali itanyamuka, n'kusiya nyumba zake.

Ku Madumabisa ndinapeza bambo pakhonde akusewera bawo ndi Che Hamadu. Che Hamadu ndi Myao wa ku Mangochi, mnansi wathu chiyambire, amene anagwira ndi bambo mumgodi asanatsegule kagolosale pakona. Thabwa la bawolo linali lomwe lija, maenje ake atasalala ngati zikho.

"Uyu ndi mlendo, kapena ndi wathu uja anathawa?" anatero Che Hamadu, osakweza mutu.

"Ndi wathu. Taona chipumicho, n'changa."

"Pepani mwana wanga, munatengera mbali yolakwika."

Bambo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chinawagwira nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka, mpaka Che Hamadu anawapatsa madzi ndi dzanja limodzi, linalo likuba njere ziwiri m'dzenje lawo.

"Ndakuona, Mchawa iwe," bambo anatero atapeza mpweya.

"Ukanafa zikanakhala zanga ndithu. Ndangofulumira."

M'mawa mwake ndinatulutsa chithunzi.

"Ababa, gulu lathu lakupezerani m'bale."

"Gulu liti?"

"La pa kompyuta. Lomwe Eldah amawerenga kutchalitchi."

"Oo, limana la mapemphero lopanda nyumba lija." Anatenga pepalalo n'kulitalikitsa ndi maso. Ndinawafotokozera mzere wonse wa chibale, ndipo ankagwedeza mutu pa dzina lililonse. "Makutuwa ndi akwathu. Zimenezo sindikana. Amakhala kuti?"

"Ku Mangalande. Avomera kukhala nkhoswe yanu. Adzaimba foni."

"Amake Esnath akandigenda ndi mbale, afika nthawi yanji?"

"Ababa, inu ndi amayi mukugendanabe pa msinkhu uno?"

"Dzana lomweli." Anandibwezera chithunzicho mwaulemu, ndi manja awiri. "Umuthokoze mnyamatayo. Koma nkhoswe si dzina lolemba m'buku la abambo mfumu. Ndi munthu woti akumva phokoso ali kwake. Komanso malo palibe. Nkhoswe ndili nayo."

"Bambo aakulu anamwalira."

"Unawasambitsa?"

Ndinabweza chithunzi chija m'thumba.

"Unaponya dothi? Ine sindinaponye." Anatsokomola pang'ono. "Usandiyang'ane ngati ndazungulira mutu. Ndagwira pansi moyo wanga wonse, ndikudziwa chimene moto umachita m'njira zija. Koma kumgodi munthu amawerengedwa kuti watuluka nyali yake ikabwerera pa mbedza. Yawo sinabwerere. Anandiuza kuti adzandiimira, ndipo sanandimasule. Munthu sumuchotsa ntchito iye kulibe."

Ndinali nditakonzekera mikangano yambiri m'ndege: ya malamulo a mpingo, ya ufulu wa mkazi, ya nthawi imene yatsala. Yonse inali yoti nditsutse munthu wosadziwa. Bambo ankadziwa.

Amayi ndinawapeza kuseri akusita nsalu za paguwa ndi simbi ya makala. Ankauzira phulusa kumbali kuti lisagwere pa nsalu, monga ankachitira ndili mwana.

"Bwanji simunandiuze ine? Ndikamve kwa Eldah, pamodzi ndi dziko lonse?"

"Iwe ukanatani? Ukanakalipa. Aja amapemphera."

"Moyo wanu wonse mwadikira munthu wakufa."

"Sindinangodikira. Ndalera iwe, ndaika ana awiri m'manda, ndalima. Bambo akowa si munthu woipa. Ali ndi bala limene sakufuna kuti lipole, poti likapola ndiye kuti mkulu wawo wapitadi." Anatembenuza nsalu. "Koma njala ndili nayo, Esnath. Kale ndinkati nthawi ilipo. Tsopano ndikamva chifuwa chija m'mawa, ndimadziwa kuti akandisiya, abambo mfumu adzati, tsopano ndinu mfulu, bwerani mudzalandire. Ndilandire chifukwa mwamuna wanga wafa? Ndidzameze bwanji? Ndikufuna tipite awiri."

Masana omwewo ndinakwera kupita ku Baobab. Tili ana, kumeneko kunali kwa azungu, ndipo tinkangofikako potumidwa, podzera khomo la kuseri. Tsopano mitengo yake inali yomweyo, agalu ake okha ndiwo anasintha chilankhulo. Eldah anandilandira pakhomo la ofesi m'chilankhulo chake chosakaniza, kuti ndilowe poti magetsi abwera.

"Ngena, sisi, fulumirani. Amagetsi abuyile, koma sachedwa kuthawa."

Ndinakhala pa kompyuta yake n'kulemba uthenga wanga woyamba wautali pa gululo. Unali waukali ndipo, kunena zoona, wolembedwa bwino. Ndinalemba za liuma la amuna, za lamulo limene limalanga mkazi chifukwa cha liumalo, za mapemphero amene sasuntha nkhalamba pampando. Eldah ankawerenga ali kumbuyo kwanga.

"Izi sindikawerenga pansi pa mtengo," anatero. "Agogo aja angandimenye ndi korona."

Nditabwerera tsiku lina, mayankho anali atadzaza. Felismina anati tiyambe novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, kwa Yosefe Woyera. Bambo wina wa ku Perth anati tidikire madala adwale kwambiri, wansembe akabwera ndi mafuta awakakamize pomwepo. Mayi wina anandilangiza kuti ndikalape kaye ineyo. Pansi penipeni panali uthenga wa Siphiwe, mphunzitsi wa ku Francistown, amene dzina lake ndinali ndisanalionepo pa gululo.

"Bambo anga nawonso ali ku Kamandama," analemba. "Amayi anasunga nsapato zawo pakhomo mpaka tsiku limene iwo anamwalira, ndipo ankazipukuta. Musawauze bambo anu kuti mkulu wawo anafa, akudziwa kuposa inu. Koma palibe banja limene lingakhale zaka zonsezi popanda woliyanjanitsa. Funsani amayi anu kuti akayambana ankathawira kwa ndani."

Ndinawafunsa madzulo, akusankha nyemba m'lichero. Anaseka mpaka anaika licherolo pansi.

"Iwe unali ku sekondale, sukudziwa. Kunali mayi wina wa ku Lwendulu, wogulitsa mowa. Dzina lake lisiye. Nditamva za iye ndi bambo ako, ndinamanga katundu wanga m'nsalu, ulendo ku siteshoni ya Thomson Junction, kuti ndikwere sitima ndizipita kwathu ku Chipata. Ndili chikhalire, ndikuona Che Hamadu pa njinga, thukuta kamukamu. Anangofika n'kukhala pa katundu wanga."

"Kukhalira katundu?"

"Sitima inabwera, ine kukoka, iwo phee. Anthu akuseka. Sitima inapita. Ndiye anati, mlamu, tsopano tiyeni tikamve mbali inayo. Anakawatenga bambo ako, kuwakhazika pansi, osati pampando, pansi. Anawafunsa mafunso mpaka dzuwa kupendeka. Mlandu unathera pa nkhuku, ndipo anaizinga okha Che Hamadu kuti nawonso adyeko."

"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi? Pamene anamwalira mlongo wako, bambo ako atasiya kulankhula, ankabwera ndani m'mawa uliwonse? Pamene ine ndinatukwana apongozi anga amene sindinawaonepo, anandiuza ndani kuti ndikapepese?" Anatola nyemba imodzi yofumbwa n'kuiyang'ana. "Koma ndi Msilamu."

Anaitaya nyembayo. Kenaka anaimirira, n'kumanga bwino chitenje, n'kuzungulira nyumba kupita kukhonde. Ine ndinawatsatira.

Bawo linali pakati. Amayi sanakhale pa mkeka monga mwa masiku onse. Anaima.

"Bambo a Esnath, ndifunseko. Anandibweza ku siteshoni ndani?"

Bambo anayang'ana ine, kenaka thabwa. "Nkhani zakale pamaso pa mwana."

"Mwana wa imvi. Ndani?"

"Wakuba njere uyu."

"Nanga ntchito imeneyo ndi ya ndani, ngati si ya nkhoswe?"

Dzanja la bambo linaima pamwamba pa dzenje. Anatsegula zala pang'onopang'ono, njere n'kugwera malo amodzi.

"Malo a achimwene sindipereka," anatero. "Ngakhale kwa uyu."

"Ndani wapempha malo ake?" anatero Che Hamadu. "Simoni ndinkamudziwa iwe usanamere ndevu. Malo ake sindingakwanemo, anali ndi mapewa. Koma tandiuza, Fideli, kapitawo akachedwa kumbali ina, gulu lathu la mumgodi linkaima?"

"Silinkaima."

"Linkatani?"

"Wina ankagwirizira."

"Ankavala chisoti cha kapitawo?"

"Ayi. Ankangoona kuti ntchito ikuyenda, mwini wake akabwera n'kumuuza zonse."

"Basi. Ine ndagwirizira zaka zonsezi popanda wondiuza, ngakhale zikomo. Akadzatuluka ndidzamupatsa lipoti lonse, pamodzi ndi nkhani ya mayi wa ku Lwendulu."

"Imeneyo uisiye."

"Imeneyo ndiye yoyambirira."

Bambo sanaseke. Anayang'ana kumsewu, kumene ana ankakankha wilibala ya malasha otola. Amayi anali chiimire. Sindinawaonepo ataima pamaso pa bambo nthawi yaitali chotero.

"Ndiyenera kukawauza kaye achimwene," bambo anatero pomaliza. "Asamve kwa anthu."

Nkhani itafika pa gulu, Banja Loyera linagawikana. Ena anati Msilamu sangaime paguwa. Ena anati nanga chitsanzo kwa ana n'chotani. Bambo wa ku Perth uja analemba ndime zambiri, ine n'kuyamba kunola yankho langa, koma magetsi anathima ndisanatumize, ndipo mwina zinakhala bwino. Felismina anapempha Eldah kuti akafunse abambo mfumu. Wansembeyo, Mnambya wachinyamata, wa mtundu wa eni derali, amene anabadwa Kamandama itachitika kale, anayankha mwachidule kuti mpingo umafuna mboni ziwiri zokhala ndi maso ndi makutu, ndipo sunanene za chipewa chimene zavala. Za unkhoswe, anati, n'za banja. Amene anatseka mkangano anali Stanford wa ku Luton. Analemba kuti: "Ine ndikanangoimba foni. Iwowo anakhalira katundu." Atatero, Felismina analengeza kuti novena ipitirire, ndipo aliyense atchulemo dzina la Simoni.

Ku Kamandama tinapita m'mawa wa pakati pa sabata, pa galimoto ya mwamuna wa Eldah. Mwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira ngoziyo unali utadutsa, maluwa ake atauma. Panalibe wina aliyense. Bambo anavala jekete ngakhale kunkatentha. Anatsika okha, kukana dzanja langa, n'kuyenda mpaka pafupi ndi pamene panatsekedwa. Che Hamadu anatsalira pambuyo pang'ono. Ine ndinaima pakati, osadziwa kuti malo anga ndi ati.

Bambo anavula chipewa n'kuwomba m'manja mofatsa, ngati munthu wofika pakhomo la eni.

"Achimwene, ndine Fideli. Ndabwera ndi nkhani ija munaisiya." Anadikira chifuwa chidutse. "Mlamu wanu wadikira mokwanira. Ine mphamvu zatha, ndipo ndikabwera kumeneko ndisanakonze, mudzandifunsa. Ndiye ndati Hamadu agwirizire. Mukumudziwa, wa ku Mangochi uja, wobera pa bawo. Malo ndi anu. Iye angoimirira."

Anaweramitsa mutu ngati akumvetsera. Kutali, sitima ya malasha inkakoka mabogi ake. Ine, amene ndawerenga zambiri zonena za akufa ndi zimene amoyo amawapangira, ndinapezeka ndikumvetsera nawo.

"Wati bwanji?" anafunsa Che Hamadu bambo atatembenuka.

"Sanakane."

"Simoni ameneyo. Akanakhala wokana tikanamva mpaka ku Dete."

Pobwerera bambo anagona m'galimoto, chipewa chili pa mawondo.

Ukwati unachitika Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, pa Misa ya m'mawa. Diresi la m'bokosi lija silinakwane, ndipo njenjete zinali zitalawako. A Bibi, akazi a Che Hamadu, amene analisoka kalelo, analidula n'kupanga duku ndi kolala ya diresi latsopano. Dzulo lake makolo anga anakalapa. Amayi sanachedwe. Bambo anakhalitsa, mpaka Che Hamadu, amene ankadikira panja, anafunsa ngati abambo mfumu apatsidwe madzi.

Pakhomo la tchalitchi Eldah anamata mapepala a mauthenga ochokera ku gulu, ndipo anatiuza kuti onse agwirizana kupemphera pa ola lomwelo, wa ku Perth ali madzulo, wa ku Luton asanapite kuntchito. Amayi anaima patsogolo pa mapepalawo, n'kuwasisita ndi dzanja, ngakhale kuwerenga kunkawavuta.

"Siphiwe ndi uti?" anafunsa.

Eldah anawalozera. Anasiya chala pamenepo pang'ono, kenaka n'kulowa.

Kuchikazi anaimira mwana wa mlongo wawo wa amayi, wa ku Lwendulu. Kuchimuna anaima Che Hamadu, atavala mkanjo woyera ndi kofia, manja kumbuyo. Sanagwade, ndipo palibe anawauza kuti agwade. Anasiya mpata pakati pa iwo ndi bambo, wokwana munthu wa mapewa. Katekisiti anawakodola kuti asendere. Anapukusa mutu.

Bambo anayankha mafunso a wansembe ndi mawu omveka, chifuwa chinawalola. Atavekana mphete, anabwerera pa benchi yakutsogolo pamene ine ndinakhala, amayi pakati, ine kumapeto, kufupi ndi njira. Misa inapitirira. Ndinapeza kuti mayankho onse ndikuwakumbukira, ngakhale sindinawatchule.

Nthawi yolandira inakwana. Wansembe anatsika ndi mbale n'kuima, kudikira akwati kuti ayambe. Kwaya inayamba nyimbo. Anthu kumbuyo anayamba kuimirira, mabenchi akulira. Amayi, maso ali pa korona wawo, anapendeketsa mawondo kumanzere.

Bambo anali ataimirira kale. Anawayang'ana, kenaka anawerama n'kuwagwira pa chigongono.

"Amake Esnath. Akudikira ife."

Amayi anakweza mutu. Anayang'ana wansembe, n'kuyang'ana mawondo awo, ngati ndi a munthu wina. Anaika korona m'thumba, n'kukonza duku lija, n'kuimirira.

Ine ndinapendeketsa mawondo anga kuti adutse.